PHUNZIRO 17: GAWO LA MNANSI M'MBALI MWA MTSINJE

Mau owerenga: Levitiko 19:9-10, Ezekieli 34:17-19, Ezekieli 47:6-12

Vesi loloweza pamtima: Afilipi 2:4

Cholinga: Ana adziwe kuti kusiya udzu ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje ndi njira imodzi yokondera mnansi amene sitimuona.

Zobwera nazo: mabeseni awiri akale, chitini chobooledwa kunsi ndi msomali, mabotolo awiri oonekera mkati, ndowa ya madzi.

KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, phunziro ili ndi la nyengo ya dzinja, pamene mitsinje yadzala ndipo mwana aliyense waoloka madzi ofiira pobwera ku tchalitchi. Ndi lalitali, mukhoza kuligawa Masabata awiri. Werengani mau onse atatu kunyumba kwanu, kawiri kapena katatu, musanaime pamaso pa ana. Mphunzitsi amene amatsegula kabuku aka pakhomo pa tchalitchi ana amamzindikira msanga, ndipo phokoso limayambira pomwepo. Zimene zalembedwa pano ndi chakudya chanu inu. Anawo muwapatse monga mwa msinkhu wao, ndiponso m'chinenero chimene amamva bwino, kaya ndi Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha kapena Chitumbuka.

LAMULO LA M'MPHEPETE MWA MUNDA

M'buku la Levitiko Yehova anapatsa Aisrayeli lamulo limene mlimi aliyense angadabwe nalo. Munthu walima yekha, wapalira yekha, waingitsa mbalame yekha. Koma pofika tsiku lokolola auzidwa kuti za m'mphepete mwa munda azisiye chiimire, ndipo ngala zimene zagwa pansi asabwerere kukazitola. Zimenezo ndi za mmphawi ndi za mlendo. Taonani bwino. Mulungu sanati mwini munda akolole zonse, atute, atseke nkhokwe, ndipo tsiku lina mtima ukamkomera atapeko pang'ono kupatsa osauka. Iai. Gawo lija silinali lake kuyambira pachiyambi, ngakhale linamera m'munda mwake ndi thukuta lake. Ndipo lamulolo latsekedwa ndi dzina la Yehova mwini, monga mfumu iika chidindo pa kalata kuti pasakhale wotsutsa.

Ana ambiri akudziwa kale mbiri ya Rute. Akumbutseni kuti mkazi uja anali wamasiye, anali mmphawi, analinso mlendo wochokera ku Moabu, ndipo iye ndi apongozi ake Naomi anapulumuka ku njala chifukwa Boazi anasunga lamulo limeneli m'munda mwake ku Betelehemu. Rute anabala Obedi, Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide mfumu, ndipo m'banja lomwelo anabadwira Ambuye wathu. Pamene Boazi anauza anyamata ake kuti asamletse mkaziyo kukunkha, sanadziwe kanthu za izi. Anangosiya chimene anauzidwa kusiya.

Tisanamize ana kuti Mose analemba za mitsinje ya kuno kwathu. Lamulo lija linanena za minda ya tirigu, barele ndi mphesa. Koma chimene liphunzitsa sichinathere ku Kanani: munda uli ndi pamene dzanja la mwini wake liyenera kulekeza, pakuti pali munthu wina amene moyo wake watsamira pamenepo, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene mwini mundayo samdziwa ngakhale dzina. Kwa ife a kumapiri kuno, m'mphepete mmene mwatsamira miyoyo ya anthu ambiri koposa ndi mmene munda wagundana ndi mtsinje.

MADZI ATHU AMAPITA KUTI?

Funsani ana funso limeneli ndipo muwalole ayese. Ambiri adzati amapita kumunsi, nalekeza pomwepo. Inu mudziwe njira yonse.

Dziko lathu la Chitipa lili pamwamba. Pa boma pali pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapiri a Misuku ndi a Mafinga akwera kupambana apo. Koma nyanja ya Malawi siifika ngakhale mamita 500. Tsono madzi athu onse ali paulendo wotsika. Kaseye, Kalenje, Chambo ndi timitsinje tina tosawerengeka timatula madzi mu Songwe kapena mu Lufira. A ku Nthalire amatsata Rukuru amene amachokera ku Nyika. Mitsinje itatu imeneyi imatsikira m'chigwa cha Karonga niilowa m'nyanja. Ana okulirapo amakondwa kumva kuti pa Mafinga mvula ikagwa mbali ya Zambia imalowa mu Luangwa, ikagwa mbali ino imadzera m'nyanja ndi mu Shire, ndipo madzi awiriwo amakakomananso mu Zambezi ku Mozambique.

Nyanjayo ndi yaikulu. M'litali mwake ndi makilomita oposa 550, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Munthu angaganize kuti dengu limodzi la dothi silingaichite kanthu. Koma nyanja yonseyi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo Shire, ndipo madzi otuluka pamenepo ndi ochepa poyerekeza ndi amene amauluka ndi dzuwa ngati nthunzi. Nthunzi siinyamula matope. Chimene tatumiza m'nyanja chimakhala momwemo nthawi yaitali kuposa moyo wa ife ndi wa zidzukulu zathu.

Nanga mnansi wathu ndani? Ndi mayi wa m'mudzi wotsatira amene amatunga kumunsi kwa pamene ife tichapira. Ndi mlimi wa mpunga pa sikimu ya Lufira, amene ngalande yake ikadzala mchenga amataya masiku akufukula mmalo moti aokere. Ndi banja la m'chigwa cha Karonga, kumene madzi osefukira amagwetsa nyumba ndi kukokolola mbeu pafupifupi chaka ndi chaka. Ndi msodzi wa ku Kaporo kapena ku Ngara. Onsewa sadzafika pakhomo panu kudzadandaula, pakuti sadziwa kuti matopewo achokera m'munda mwa yani.

NTCHITO YA UDZU NDI MITENGO YA M'MBALI MWA MTSINJE

Pano mphunzitsi ayenera kudziwa bwino, chifukwa ana adzafunsa.

Mvula ikagwa pa munda wolimidwa madontho ake amaswa dothi, ndipo madzi othamanga amanyamula dothi la pamwamba, limene ndilo lachonde, pamodzi ndi feteleza amene bambo anagula ndi ndalama zovuta kupeza. Madziwo akafika pa udzu wothithikana liwiro lao limachepa. Madzi oyenda pang'onopang'ono alibe mphamvu yosenza katundu, choncho amatula dothi pomwepo, ndipo mu mtsinje mumalowa madzi osefedwa. Udzu uja ndi sefa. Umagwiranso ndowe za ziweto ndi gawo la mankhwala opopera mbeu, zimene zikadalowa m'madzi akumwa.

Pansi pa mitengo masamba ogwa amaola, nafewetsa nthaka kuti imwe madzi. Madzi olowa pansi ndiwo amene amatuluka pang'onopang'ono pa akasupe m'mwezi wa Okutobala, mvula itaiwalika kale. Ndicho chifukwa chake mtsinje wometedwa m'mbali umachita misala pa dzinja, nuuma msanga m'chilimwe: madzi amene anayenera kukwanira chaka chonse amadutsa m'masabata owerengeka. Atsikana a m'kalasi mwanu adziwa bwino tanthauzo la kuuma kwa mtsinje, pakuti ndiwo amene amalawirira ndi ndowa ndi kufika kusukulu belu litalira.

Ndipo pali mizu. Mizu ya mkuyu, katope, mbawa, mwimbi, nsungwi ndi bango imaluka gombe ngati ukonde. Gombe lopanda mizu madzi amalidya kunsi osaoneka, ndipo usiku umodzi limagumuka pamodzi ndi mizere itatu ya chimanga. Munthu amene analima kufikira m'madzi kuti awonjezere munda, pakupita zaka amapeza munda wachepa, mtsinje ndiwo wakula.

Si mtengo uliwonse uyenera pamenepo. Bulugamu ndi wabwino pa nkhuni ndi pomangira nyumba, koma amamwa madzi kwambiri. Malo ake ndi kumtunda, kutali ndi kasupe.

Kodi mpata wosiyidwawo ukhale waukulu bwanji? Dziko lathu lili ndi malamulo ake: la zankhalango la 1997, la zamadzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, ndipo mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango ndiye woyenera kuyeza pamalopo pamodzi ndi a mfumu. Chimene mwana angasunge m'mutu ndi ichi: mtsinje ukakula, kapena malo akatsetsereka kwambiri, mpata ukulenso. Mzere umodzi wa nthochi pamwamba penipeni pa gombe si mpata ai.

NKHOSA ZOYAMBA KUMWA

Mneneri Ezekieli ananena mau ake ali mu ukapolo ku Babulo, kumene anakhala m'mbali mwa mtsinje wa Kebara. Mutu 34 uyamba ndi kudzudzula abusa a Israyeli, ndiwo atsogoleri, ndipo ife anthu wamba timakonda kuwerenga chigawo chimenecho mokweza mau. Koma pa vesi 17 Yehova atembenukira nkhosa zomwe. Mlandu wao ndi wotani? Sizinabe kanthu. Zinadya msipu umene zinaupeza, zinamwa madzi oyera amene analipo. Cholakwa chao chinali pa zotsala: zitakhuta zinapondereza udzu, zitamwa zinavundula madzi, ndipo zofooka zobwera m'mbuyo zinapeza matope. Mlandu umenewu Mulungu analonjeza kuti adzauzenga Iye mwini.

Ana oweta mbuzi ndi ng'ombe adzamva fanizo ili popanda kulilongosola. Ife a ku Chitipa ndife nkhosa zoyamba kumwa. Si chifukwa cha ubwino wathu. Mulungu anangotiika kumtunda. Ndipo mapazi athu ovundulira madzi tikuwadziwa: visoso, pamene titema nthambi ndi kuzitentha kuti tifese mawere pa phiri lotsetserekera kumtsinje, moto wa alenje a mbewa, kuumba njerwa ndi kukumba mchenga pa gombe penipeni, ng'ombe zomwera paliponse pamene zafuna, kutsukira mpope wa mankhwala mu mtsinje, chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi madzi.

Pa mitsinje yathu yonse Songwe ndiye aphunzitsa poyera kuti madzi sasamala malire a anthu. Iye ndiye malire a Malawi ndi Tanzania. Koma kumunsi, m'chigwa cha pakati pa Karonga ndi Kyela, amakhotakhota ndi kusintha njira madzi akasefukira, kotero kuti munda umene unali tsidya lino umapezeka uli tsidya linalo. Kukhotakhota ndi chibadwa chake, ndipo tisanene kuti makasu athu okha ndiwo amsokoneza; koma mchenga wochokera kumtunda ukadzaza njira yake, madzi amafuna njira ina msanga. Mu 2017 maboma awiriwa anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwa chonse cha Songwe, ndipo likulu lake analiika ku Kyela. Ngati nduna za maiko awiri zinaona kuti mtsinje umodzi sungasamalidwe mbali imodzi, kodi midzi iwiri ya mumpingo umodzi, yodyera pa gome limodzi la Ambuye, ilephera bwanji kupangana za kamtsinje kao?

MITENGO KUMTUNDA, NSOMBA KUMUNSI

M'mutu 47 mneneri yemweyo anaonetsedwa madzi otuluka m'Kachisi, onka nakula kufikira munthu sangathe kuoloka, natsikira ku Nyanja ya Mchere, imene itchedwanso Nyanja Yakufa chifukwa mulibe nsomba. Masomphenyawo anena za moyo wochokera kwa Mulungu, ndipo tiwaphunzitse motero. Koma onani zimene Mulungu anasankha pofuna kuonetsa munthu chithunzi cha dziko lochiritsidwa: mitengo yambiri mbali zonse ziwiri za mtsinje, nsomba za mitundumitundu kumene madziwo afika, ndi asodzi ataima pagombe ndi makoka ao. Zitatuzi zimayendera pamodzi ngakhale m'dziko limene tikuliona ndi maso.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Chifukwa cha ichi mu 1984 bungwe la UNESCO linalemba malo osungidwa a ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse. Zina mwa nsombazi, monga mbuna, zimadya ndere zomera pa miyala, ndipo matope akakuta miyala ndi kudetsa madzi chakudya chao chimachepa. Koma imene ikhudza ife koposa ndi mpasa. Mpasa amakulira m'nyanja, koma saswana m'nyanja. Nyengo yake ikakwana amakwera mitsinje monga Songwe, Rukuru ndi Bua, nafuna malo osaya, a timiyala toyera ndi madzi oyenda, naikira mazira pakati pa timiyalato. Matope akatsira timiyala tija mazira amasowa mpweya, nafa. Nsomba imeneyi kwao ndi m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake basi, ndipo yachepa kwambiri. Nchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa zambiri m'nyanja, nayonso imaswana m'mitsinje, ndipo lero ndi yosowa. Zoonadi makoka ndi miono yotseka pakamwa pa mitsinje ili ndi mlandu wake waukulu. Koma mlandu wa matope ndi wa ife olima kumtunda.

FUNSO LOVUTA

Tsopano ndifike pa chimene chidzakuvutani. M'kalasi mwanu muli ana amene sopo wao, makope ao ndi ndiwo zao zichokera ku dimba la m'mbali mwa mtsinje. Mwana wina adzakweza dzanja nadzati, "Aphunzitsi, kodi amayi anga ndi ochimwa?" Mukonzeretu yankho.

Musayankhe kuti inde. Dimba si tchimo. Mayi wamasiye amene wabzala mpiru ndi matimati pamene pali chinyontho akugwira ntchito imene Mulungu anampatsa, yodyetsa ana ake. Ndipo chaka chimene mvula yadula msanga madimba ndiwo amapulumutsa midzi. Lamulo la m'Levitiko linaikidwa kuti liteteze mmphawi. Tikalisandutsa chikoti chokwapulira mmphawi yemweyo, talipotoza. M'zaka zanga za uphunzitsi ndaona kuti mwana amene wachititsidwa manyazi pamaso pa anzake chifukwa cha makolo ake saphunziranso kanthu tsiku limenelo, ndipo nthawi zina sabweranso.

Musayankhenso kuti palibe kanthu, pakuti mukatero mwafafaniza phunziro lonse. Muuzeni mwanayo kuti dimba likhalepo, koma libwerere m'mbuyo, madzi ndiwo alitsate: ndi keni yothirira, ndi kangalande, kapena ndi pampu yopalasa ndi miyendo. Ntchito imawonjezeka, ndipo tisabise. Koma mpata wosiyidwawo suli wopanda phindu. Mumachokera nsenjere ya ziweto, udzu wa vetiva wofolera, nsungwi zolukira madengu ndi nkhokwe, bango la mphasa, zipatso za katope zimene ana omwewo amakonda, ndi mthunzi wopachikamo ming'oma ya njuchi. Abale athu a ku Misuku adziwa kale kuti khofi amakondwa pansi pa nthochi ndi mitengo, adziwanso kumanga migula pa phiri kuti nthaka isathawe. Nzeru ilipo pakati pathu.

Ndipo oyamba kubwerera m'mbuyo akhale amene ali ndi malo ambiri. Amene anasiya ngala ndi Boazi, si Naomi. Ngati mkulu wa mpingo ali ndi maekala kumtunda ndiponso dimba lofika m'madzi, pamene wamasiye ali ndi kadimba kokha, mpingo usayambire kwa wamasiye. Ndinena izi ndili mkulu wa mpingo ine ndemwe. Tikaonenso munda wa mpingo ndi maenje amene tinasiya poumba njerwa za tchalitchi. Ana amaona zimenezi msanga kuposa mmene ife tiganizira.

Kumaiko ena anthu a kumunsi amathandiza a kumtunda kusenza katundu ameneyu. Mzinda wa New York ku America umamwa madzi ochokera ku mapiri a Catskill, mtunda wa makilomita oposa 150, ndipo mu 1997 unapangana ndi anthu a kumeneko kuti uzilipira ntchito yoteteza mitsinje yao, pakuti unaona kuti kusunga madzi akali oyera nkotsika mtengo kuposa kumanga makina osefera madzi odetsedwa kale. Chimenecho nchilungamo, ndipo akuluakulu a dziko lathu ayenera kuchiganizira. Koma Mkristu sadikira malipiro kuti aleke kupweteka mnzake.

Pali chinanso chimene aphunzitsi tiyenera kuchinena mosamala. Makolo athu akale analeka mitengo ya pa akasupe ndi ya kumanda, ndipo anaitchinjiriza ndi mantha: ukadula pamenepo mizimu ikwiya, kasupe aphwa. Uthenga Wabwino unatimasula ku mantha a mizimu, ndipo tiyamika Mulungu. Koma ena titamasuka tinathamangira nkhwangwa. Za mizimu akalewo anasokera. Za kasupe ananena zoona. Pitani ku nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku, zimene boma linaziika m'gulu la nkhalango zosungidwa mu 1948, mukaone mmene madzi otuluka pansi pa mitengo ayeretsera. Kenaka mutsate kamtsinje komweko kufikira katadutsa minda. Nchamanyazi kuti chimene mantha anasunga, ife onena za chikondi tilephere kuchisunga.

KAPHUNZITSIDWE

Yambani ndi mabeseni, ulaliki ubwere pambuyo. Loweruka dzazani beseni limodzi ndi dothi lokhalokha la m'munda. M'linzake ikani chibuma chachikulu chokumbidwa pamodzi ndi udzu wake ndi mizu yake. Pa Sabata tulukani ndi ana pansi pa mtengo, mupendeketse mabeseni onse awiri mofanana pa miyala, ndipo mwana mmodzi agwetse mvula ndi chitini chija, muyeso umodzi pa beseni lililonse. Ana awiri alandire madzi otsika m'mabotolo. Imikani mabotolowo pamene onse aona, ndipo musalongosole kanthu. Funsani chabe kuti, "Ndani afuna kumwa ili? Nanga ili?" Mabotolo akhale pomwepo kufikira phunziro litatha, kuti aone matope atadikha pansi. Pamenepo werengani Ezekieli 34.

Kwa ana aang'ono mbiri ya Rute ndi fanizo la nkhosa zikwanira. Musawalemetse ndi mamita ndi zaka. Okulirapo ajambule pansi ndi kamtengo njira ya mtsinje wa kwao, kuchokera pa kasupe kufikira kunyanja, ndipo aike mwala pa malo aliwonse pamene pali munthu wodalira madziwo. Awerenge miyalayo mokweza.

Mafunso:

1. Kodi ngala za m'mphepete mwa munda wa Boazi zinali za yani?
2. Nkhosa za m'buku la Ezekieli sizinabe kanthu. Nanga zinalakwa chiyani?
3. Chifukwa ninji mpasa angafe ndi khasu la munthu amene sanaonepo nyanja?
4. Mnzako akakuuza kuti mundawu ndi wa kwathu, tichita chimene tifuna, udzamyankha bwanji mwaulemu?

Popemphera musangoti "anthu onse". Tchulani amene ana aikira miyala aja, mmodzimmodzi.

NTCHITO YA KALASI

Kuyambira 1976 dziko lathu linali ndi tsiku limodzi lobzala mitengo, pa 21 Januwale, ndipo ife aphunzitsi a masiku amenewo tinkatsogolera ana a sukulu ndi makasu paphewa. Pambuyo pake boma linaika nyengo yonse, kuyambira 15 Disembala kufikira 15 Epulo. Kubzala nkosavuta. Mitengo yambiri yobzalidwa pa mwambo imafa alendo atangobwerera, chifukwa palibe amene anauzidwa kuti mtengo uwu ndi wako. Tsono kalasi lisankhe malo aang'ono, amene lingawasamale zaka zitatu, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwana wake.

Musapite ndi ana pa malo a munthu popanda chilolezo. Dzerani kwa abusa ndi akulu a mpingo, iwo akalankhule ndi a mfumu ndi mwini malo. Nthawi zambiri sipafunika ngakhale mbande: zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphuka zokha ngati moto, mbuzi ndi khasu zazileka, ndipo nthambi ya mkuyu yozikidwa pa chinyontho imagwira. Lambulani mseu wotchinga moto m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Ana aang'ono asayandikire mtsinje wodzala, ndipo pa ntchito iliyonse ya kumadzi pakhale akulu awiri kapena atatu.

Sabata lamawa mwana aliyense abwere ndi dzina la mtengo umodzi wa m'mbali mwa madzi m'chinenero cha kwao, atafunsa agogo ake, pamodzi ndi ntchito ya mtengowo. Maina amene ndalemba m'phunziro lino ndi a Chichewa. Ku Ifumbo, kwa Kameme, ku Misuku ndi ku Wenya mitengo yomweyo ili ndi maina ena. Muwalembe onse m'kope la kalasi.